Lichero lopita kunyumba ya abusa

Wokondedwa mphwanga,

Uthenga wako wafika wakuti akulu a mpingo akuika m'komiti yokonza tsiku lothokoza abusa, ndiponso kuti achinyamata anzako akung'ung'udza: munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi azimutuliranso matumba a chimanga bwanji? Asanakane kusonkha, ayambe amva kumene mwambowu unachokera.

Amishoni amene anabzala mipingo yomwe lero ndi CCAP sankadya thukuta la akhristu awo. Gulu la Livingstonia, momwe munali Dr Robert Laws, linafika ku Cape Maclear mu 1875; mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876; A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a Dutch Reformed Church anakhazikika ku Mvera mu 1889. Onsewa malipiro awo ankachokera kwawo, ku Scotland kapena ku South Africa. Mayi wa pamudzi akapita ndi nkhuku kumishoni, unali ulemu wopatsa mlendo basi. Nkhukuyo ikanapanda kupita, mzunguyo sakanagona ndi njala.

Zinthu zinatembenuka ana a dziko lino atayamba kudzozedwa ubusa. Ku Blantyre, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa mu 1911. Ku Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa anatsatira mu 1914, ndipo ku Nkhoma Andreya Namkumba anadzozedwa mu 1925. Amishoni ankatsata mfundo yomwe Henry Venn ndi Rufus Anderson anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1800, yakuti mpingo watsopano uzidzilamulira, uzidzifalitsa, uzidzidyetsa wokha. Kunena mosapsatira, mbusa wakuda ankayenera kusamalidwa ndi nkhosa zake.

Koma ndalama zikanachokera kuti? Timashereni tomwe tinkapezeka tinkathera ku msonkho wa nyumba, womwe unkathamangitsira amuna kuminda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena kumigodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Chuma cha mkhristu chinali m'nkhokwe ndi m'khola. Choncho chiyamiko chinkayenda pamutu: lichero la ufa, dengu la mtedza, mtolo wa nkhuni, tambala womangidwa miyendo. Ena ankapita ndi makasu kukapalira munda wa abusa, ena kukafolera denga mvula isanagwe. Nyengo yokolola ikafika, chopereka cha masika chinkadzaza kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo mpaka lero zokololazo zimagulitsidwa kuti mpingo upeze ndalama zoyendetsera ntchito.

Amene anaugwira mwamphamvu mwambowu ndi amayi. Chigwirizano cha amayi a ku Nkhoma, chomwe chinayamba mu 1940, pamodzi ndi Mvano ya ku Blantyre ndi Umanyano wa ku Livingstonia, ndiwo amandanda pamzere ndi katundu pamutu, nyimbo ndi nthungululu zili pakamwa, kulunjika kunyumba ya abusa. Amishoni atapereka ulamuliro m'manja mwa masinodi, ku Blantyre mu 1959 ndi ku Nkhoma mu 1962, udindo wosamala mbusa unatsamira kwambiri pa akhristu eni ake.

Anzakowo asaiwale kuti kuthokozaku kumabwerera. Kalata ya Paulo kwa Afilipi, yolembedwa ali m'ndende, mbali ina ndi yoyamika mpingo chifukwa cha thandizo lomwe Epafrodito anamubweretsera. Mbusa wakumudzi amayamika ndi miyendo yake: amapalasa njinga kukafika kumatchalitchi ang'onoang'ono akutali ndi mgonero ndi ubatizo, amadzutsidwa pakati pa usiku kukapempherera wodwala, amaima pamanda dzuwa likuswa mtengo. Ndipo thumba la chimanga likalowa kunyumba ya abusa silidyedwa ndi banja lawo lokha. Alendo a msonkhano, mabanja odzayanjanitsidwa, mwana wasukulu wosowa kogona, mlaliki wodutsa, onsewa amasamba m'manja pamenepo, amayi busa ali kalikiliki kumoto.

Masiku ano mwambowu wavala zovala zatsopano. Mipingo ya m'tauni imagula firiji, masofa, ina mpaka galimoto, pomwe mbusa wakumudzi, amene anaphunzira m'kalasi imodzi ndi mnzake wa m'tauniyo, amabwerera kunyumba ndi maungu ndi botolo la mafuta ophikira. Palinso chizolowezi chowerenga maina ndi kuchuluka kwa ndalama pachimkuzamawu. Apo mayi wamasiye amene wabwera ndi mazira m'mbale amabisa mbaleyo m'chitenje, pomwe mphatso zonga yakeyo ndizo zinasunga abusa oyamba aja.

Ndiye pamsonkhano wa komiti ukanene zinthu zingapo. Mphatso zizibwera m'dzina la milaga ndi magulu, osati munthu payekha. Wopanda ndalama aloledwe kubwera ndi zakumunda kapena kupereka tsiku logwira ntchito panyumba ya abusa. Pologalamu isiye mpata wokwanira woti abusa ndi amayi busa athokoze mpingo. Ndipo ngati m'dera lanulo muli mbusa wopuma kapena mayi wamasiye wa mbusa, thumba limodzi likatulidwe kumeneko.

Tsiku likadziwika undiuze msanga kuti nane nditumize mphatso yanga. Upereke moni kwa mlamu ndi ana.

Ine mkulu wako.