Tepi ya masekondi asanu

Pa benchi langa mumsika wa Nkhata Bay anthu amafika ndi dandaulo limodzi: "Ada, wailesi yanga ikudya tepi." Ndikatsegula kumbuyo ndimapeza lamba wa mota atafewa ngati phula, kapena kagudumu ka labala kopana tepi kataumiratu. Mutu wowerenga ndimaupukuta ndi thonje la sipiriti mpaka litsiro lofiirira lija litachoka. Kuno kunyanja chinyezi n'chambiri. Kaseti ikagona m'sutikesi dzinja limodzi imatuluka ndi chuku.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi amalume m'zaka za m'ma 1990, pamene makaseti a Alleluya Band ndi a Lucius Banda ankachokera kwa O.G. Issa ku Limbe n'kutha ngati usipa wa m'mawa. Lero nyimbo zinasamukira m'mafoni, ndipo obwera ndi kaseti ambiri ndi achikulire osunga mawu a abale awo amene anatisiya.

Chimene chinanditembenuza mtima ndi mabatire. Tsiku lina anafooka ndikuyesa kaseti ya kwaya. Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Itachedwa, mawu a amayi a m'kwayamo anatsika n'kukhala ngati mwera ukuwomba pa doko usiku. Sindinazimitse. Ndinamva kuti vuto limene ndimalipidwa kuti ndilichotse nalonso ndi nyimbo.

Tsopano msika ukawuma madzulo ndimamasula kaseti ya TDK, n'kudula ndi lezala kachidutswa kotalika pafupifupi masentimita 24. Nsonga zake ndimazilumikiza ndi selotepi, mopendekera kuti polumikizapo pasamveke kuti thi. Kamazungulira masekondi asanu osatha. Pamenepo ndimajambula kulira kwa sitima ya Ilala ikamanyamuka kupita ku Chizumulu ndi Likoma. Ndikaphimba mutu wofufuta ndi kapepala, mawu atsopano amagona pamwamba pa akale: mafunde, zipanda za anyamata a malipenga, ndi kulira kwa kachipangizo kanga kamene ndinalumikiza ndi matiranzisita a mawailesi akufa. Ndikakhudza gudumu la mota ndi chala, zonsezo zimalendewera, ndikachotsa zimadzuka. Zimenezi ndimachita ndi mabatire okha, magetsi sindiseweretsa.

Ena amati ndikuwononga nthawi. Sindivomereza. Gasper Nali wa kwathu konkuno amaimba babatoni, waya mmodzi ndi botolo ndi kamtengo, ndipo anthu a kutsidya kwa nyanja zamchere amamumvera. Mlendo wina wodzaona nyanja atamva tepi yanga anandiuza za Halim El-Dabh, amene mu 1944 ku Cairo anajambula mwambo wa amayi pa makina ojambulira pa waya, n'kuwasintha mawuwo mpaka kukhala chinthu china. Ndinakondwera kwambiri kumva kuti msewu umenewu unadutsanso mu Africa muno.

Ndakopera makaseti makumi awiri, imodzi ndi imodzi, chikuto cholemba ndi bolopeni. Palibe awiri ofanana ndendende, chifukwa mota sithamanga mofanana tsiku lililonse.

Sabata yatha agogo ena, amene anasodza zaka zambiri ku Usisya, anaima pa benchi kaseti ikulira. Anatsamira ndodo yawo, maso ali kudoko, kufunafuna sitima imene kunalibe. Nditawalozera sipika anakhala pansi pa kampando ka makasitomala.

"Mwana wanga, tabwezanso pomwe ikulira paja."

Ndinatulutsa kaseti, n'kulowetsa bolopeni pa kabowo, n'kuyamba kupota.