Loko amene anatifooketsera dala

Anzanga a ku Chiuta, ku Malombe mpaka ku Mangochi, lero za injini zidikire kaye. Mukatsegula WhatsApp pamabwera timawu tonena kuti mauthenga anu ndi okiyidwa, timangodutsa. Loko ameneyo dzina lake ndi encryption, ndipo kale kumutulutsa mu America ali wamphamvu unali mlandu.

Sindikuseka aise. Boma la America linkawerengera mapulogalamu obisa mauthenga m'gulu la zida zankhondo. Phil Zimmermann anapanga PGP mu 1991 n'kuigawa ulere, boma linamufufuza zaka zitatu mpaka 1996. Mu 1995 iye anangoisindikiza yonse ngati buku, poti buku limaoloka malire popanda chiphaso. Makampani ngati Netscape ankapanga mitundu iwiri: ya kwawo loko wa 128 bit, ya akunja 40 basi. Akunjawo ndi ife tomwe. Tangoganizani kukupatsani injini ya 40 atafinya kabureta kuti izikoka ngati 15.

Amene anapanikizika kwambiri ndi opanga mapulogalamu oyendetsa kompyuta aulere, amene aliyense amaloledwa kuwamasula n'kuona m'kati ngati mmene ndimamasulira Yamaha. Zawozo zimakhala poyera pa intaneti, ndiye ukangoika, kwa lamulo watumiza kale kunja. OpenBSD inapulumukira poti mwini wake Theo de Raadt amakhala ku Canada. A Debian mbali ya maloko ankaisunga pa kompyuta ya ku Netherlands. Mu 2000 America inafewetsa malamulowo. Android ya m'thumba mwanuyo inamangidwa pa Linux, ndiye nkhaniyi si ya azungu okha ayi.

Chimene chimandinyansa n'chakuti maloko ofooka aja sanachotsedwe, anangotsalira m'kati ngati madzi m'thanki ya petulo. Mu 2015 akatswiri anapeza chibowo chimene anachitcha FREAK: wakuba akanatha kunyengerera foni kuti igwiritse loko wakale uja, iye n'kuthyola. Zinakhudza mafoni a Android, a Apple, ngakhale mawebusaiti a boma la America lomwelo. Anzathu anatseka chibowocho msanga. Nanga foni yakale ya m'bale wanu yochokera ku Joni, imene inasiya kalekale kulandira ma update, anaitseka ndani?

Kuno ku Nselema foni ndiye msika. Bambo anga mtengo wa matemba amagwirizana ndi ogula pa WhatsApp asanakweze thumba pa njinga. Ine chithunzi cha chitupa changa ndatumizapo kangapo pofuna ntchito. Zonsezo zimadalira loko amene sitinamuonepo ndi maso.

Kwathu kunonso lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, limene limafuna kuti opereka ntchito za encryption alembetse ku MACRA. Kulembetsa ine sindikukana, maboti nawonso amalembetsa. Koma tsiku limene wina adzanene kuti tifewetse loko pang'ono kuti tigwire akuba, mudzamufunse za 2015.