Ululu kutha si kuchira: zomwe tinaona ndi H. pylori

Ife ndi banja, timaoda zovala ndi nsapato ku Joni, ndipo njira yathu ndi ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Lero za msonkho tazisiya kaye, tikambe za m'mimba.

Tonse awiri tinkavutika ndi kutentha pamtima, kugeya pafupipafupi komanso ululu pamwamba pa mchombo, makamaka usiku. Tinkangoti ndi vuto la kudya mochedwa pa ulendo. Kuchipatala anatipeza ndi H. pylori, tizilombo tokhala m'chifu timene timayambitsa zilonda za m'mimba. Anatipatsa mankhwala a masiku 14: amoxicillin, clarithromycin ndi omeprazole. Pomwe tinkamaliza, ululu unali utatheratu.

Koma mantha sanathe. Kunyumba ana tinawapatulira mbale ndi makapu awo. Mayi wina amene timadya naye limodzi pa boda tinayamba kumuzemba, mpaka anafunsa kuti, "Kodi achemwali, ndakulakwirani chiyani?" Pofuna kukhazika mtima pansi, tinalipira kuti atiyeze magazi tili ku Joni. Zotsatira zinati tonse awiri tikadali nato. Tinatsala pang'ono kugula mankhwala ena patokha n'kuyambiranso.

Titabwerera kwathu, adokotala anatiuza kuti ndalama ija tinangotaya. Kuyeza magazi kumaona zizindikiro zoti thupi linalimbanapo ndi tizilomboti, ndipo zizindikirozo zimakhalabe kwa miyezi kapena zaka, tizilombo titafa kale. Munthu amene wamwa mankhwala ayenera kuyezetsa chimbudzi kapena mpweya wopuma. Nthawi yakenso ilipo: padutse milungu 4 kuchokera tsiku lomaliza kumwa ma antibiotic, ndipo pa milungu 2 yomaliza musamwe omeprazole. Mankhwalawa amafooketsa tizilombo, ndiye makina amatha kusonyeza kuti mulibe pomwe tangobisala.

Tinawerenga masiku pa kalendala, ulendo umodzi tinaulumpha, n'kukayezetsa chimbudzi. Amayi anapezeka kuti achira. Abambo ayi, ngakhale sankamva ululu uliwonse. Apa m'pamene anaulula kuti masiku awiri sanamwe mankhwala, chifukwa anali m'chikwama chomwe chinatsekeredwa mu trela ya basi tili pa mzere ku Beitbridge. Adokotala anati mwina ndi zimenezo, mwinanso tizilombo tinali titazolowera kale clarithromycin, zomwe zimachitika ndithu. Anawapatsa mankhwala ena osiyana, kuphatikizapo metronidazole, amene sagwirizana ndi mowa ngakhale pang'ono. Atayezanso pa nthawi yake, anapezeka kuti ali bwino.

Tikanakhulupirira kutha kwa ululu, bwenzi tikuyendabe ndi matenda osadziwa. Chilonda cha m'mimba chimatha kutuluka magazi, ndipo sichisankha malo; chikhoza kukupezani pakati pa Tete ndi Nyamapanda usiku. Kwa anthu ena ochepa, tizilomboti tikakhalitsa zaka zambiri timayambitsa khansa ya m'mimba.

Nanga za kupatsirana? Tizilomboti timayenda kudzera m'malovu, masanzi, chimbudzi ndi madzi akuda. Ambiri anatitenga ali ana, pakhomo pomwe anakulira. Sitiuluka mu mphepo ngati chimfine, choncho kukhala mpando umodzi m'basi kapena kugona m'thiraki imodzi si vuto. Ndipo munthu amene wayezedwa n'kutsimikizika kuti wachira alibenso choti apatsire mnzake. Mayi uja tinamupepesa, ndipo tinayambiranso kudya naye.

Zomwe tinasintha ndi izi. Timayenda ndi kasopo m'thumba chifukwa zimbudzi za pa boda mukuzidziwa. Posamba m'manja timathirirana madzi, osati tonse kuviika m'beseni limodzi. Madzi timamwa a m'botolo lotseka kapena owiritsa. Mwana wamng'ono sitimutafunira chakudya kapena kumudyetsa ndi supuni yomwe talawira. Wina kunyumba akamadandaula m'mimba, akayezetse, osamugawira mankhwala anu otsala.

Madalaivala, tikudziwa kuti msana umavuta, koma ibuprofen ndi diclofenac zimakulitsa zilonda za m'mimba. Funsani achipatala za mankhwala ena oletsa ululu. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena mukasanza magazi, imani pa chipatala chapafupi, kaya ndi dziko la eni. Katundu adikira.

Amene mukumwa mankhwalawa panopa, asungeni m'kachikwama ka pasipoti, osati m'katundu. Lembani mu foni tsiku lomaliza kumwa, muwonjezere milungu 4, ndipo ulendo wanu muukonze kuti tsiku limenelo likupezeni pafupi ndi chipatala.

Muyende bwino nonse.