Tala Wakale Si Wotaya

Tsiku limene anathila tala mu mseu wa ku komboni kwathu tinavina. Ana anali kuthamanga opanda nsapato pa mseu wakuda bii, azimai a tomato analeka kuphimba katundu ndi citenge cifukwa fumbi linatha, ndipo maminibasi anayamba kufika mpaka pa msika. Cisangalalo cathu cinakhala nyengo ziwili cabe za mvula. Lelo pa mseu womwewo pali anyamata a mafosholo amene amathila dothi m'maenje, n'kutambasula dzanja kuti madalaivala awaponyeleko ka 2 kwacha. Mabasi amakhotela patali monga kale, ndipo azimai aja ayambanso kusenza mabokosi pamutu.

Pa wailesi ya m'dela pamene timathandizila, tikangotsegula mafoni nkhani ya miseu siikutha. Koma tsiku lina mnyamata wina anafunsa cinthu cimene cinatisowetsa yankho. Anafuna kudziwa kumene kumapita tala wakale akamufukula pokonza mseu. Tonse tinaonapo milu yakuda ija m'mbali mwa mseu, koma palibe anaiganizilapo. Tinapita kukafufuza, ndipo tinapeza kuti milu imeneyo ni ndalama.

Tala ni miyala yophwanya, mcenga na phula. Phula limakhala locepa, pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse a kulemela kwake, koma ndilo lodula. Limacokela ku mafuta a pansi, ndipo ife tilibe zitsime za mafuta, conco timagula kunja na madola. Kuti zonsezi zigwilane amazitenthetsa kufika madigili 150 kapena kuposelapo, ndipo moto umenewo umadya mafuta ambili n'kutulutsa utsi. Miyala nayo imakumbidwa penapake. Amene anakulila ku Misisi adziwa maenje a madzi amene amatsala anthu akakumba miyala n'kucoka.

Manje tamvelani. Mwala sukalamba. Pali makina a mano acitsulo amene amapala tala wakale na kumuphwanya, kenako amamusakaniza na phula pang'ono latsopano n'kumuyalanso. Ku America, pafupifupi tala yense amene amacotsedwa pa miseu amabwelelanso ku nchito. Ku South Africa makina ena amacita zonse pamalo pomwepo: amagaya mseu wakale, amathilamo phula locita thovu, n'kuupsinja popanda kutenthetsa miyala. Mathilaki obweletsa miyala yatsopano amacepa, mafuta nawo amacepa. Palinso njila yosakaniza tala pa moto wocepelako na madigili 20 mpaka 40, cimene cimacepetsa utsi umene anyamata oyala tala amapuma.

Ngakhale zinyalala zathu zili na malo mu mseu. Matayala akutha, amene ife timaocha n'kudetsa kumwamba, ku South Africa akhala akuwagaya na kuwasakaniza m'phula kuyambila m'ma 1980. Phula la mphila limapindika m'malo mong'ambika. Ku India, mphunzitsi wa sayansi wa ku Madurai, Rajagopalan Vasudevan, anapeza njila yomwaza mapulasitiki oduladula pa miyala yotentha asanathile phula, ndipo mu 2015 boma la kumeneko linalamula kuti miseu ya pafupi na mizinda ikuluikulu izimangidwa conco. Koma tisathamange. Si pulasitiki iliyonse imene ingalowe pamoto. Ya mapaipi, ija ya PVC, imatulutsa utsi wapoizoni, ndipo akatswili akali kufufuza tuzidutswa tumene tungakokoloke na mvula.

Cinthu cimene cinatikhudza kwambili n'cakuti njila zonsezi sizingapilile madzi oima. Madzi akalowa mu kamng'alu, amafewetsa dothi la pansi pa tala. Thilaki yolemela ikapondapo, tala amamila, ndipo dzenje labadwa. Mseu wathu sunaphedwe na phula loipa cabe. Tinapita kukaona ngalande za m'mbali mwake, ndipo tinazipeza zodzala na mabotolo a zakumwa, mapepala a pulasitiki na matewela a ana. Zina mwa izo tinataya ndife.

Mseu wosamala cilengedwe kuposa yonse ni uja umene sufunika kumangidwa kawili. Miseu yambili ya m'zaka zapitazi inamangidwa na ndalama za nkhongole, ndipo tikumbukila kuti mu 2020 dziko lathu linalephela kubweza ina mwa nkhongole zake pa nthawi yake. Amene adzamalize kulipila ndife acicepele, mwina pamodzi na ana athu. Kulipila mseu umene unasanduka kale dothi kumawawa.

Conco makina akadzabwelanso ku komboni kwanu, musavine cabe. Pitani ku msonkhano wa mu wadi mukafunse kumene tala wakale adzapita. Funsani ngati ngalande zidzamangidwa tala asanathilidwe, komanso amene adzamata ming'alu mvula isanagwe. Amenewa si mafunso a mainjiniya okha, ni mafunso a eni mseu.

Ife tagwilizana kuti pa Ciwelu tidzakumana pa msika na mafosholo. Sitidzathila dothi m'maenje. Tidzayambila mu ngalande.