Mmene uphungu unafikira ku Nangongwe

Pamene ndinkakula ku Nangongwe, komboni ya m'tauni ya Kafue, munthu wovutika maganizo anali ndi njira ziwiri zokha. Akakhala wofatsa, tinkamuuza kuti alimbe mtima. Akayamba kulankhula yekha mumsewu, abale ankamumanga ndi zingwe kupita naye kwa sing'anga, ndipo zikakanika kumeneko ankamutengera ku Lusaka, ku chipatala cha Chainama Hills. Malo oti munthu akhale pansi n'kunena chimene chikumudya mumtima kunalibe. Ngakhale lamulo la Mental Disorders Act la mu 1949 linkatchula odwala otere ndi mayina onyoza amene atsamunda anatisiyira.

Komatu zosowetsa tulo zinalipo zambiri. Tauni ya Kafue inakula ndi mafakitale, makamaka Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza ndi Kafue Textiles yoomba nsalu. Ntchito zitayamba kutha m'zaka za m'ma 1990, abambo ena anayamba kuswera ku kachasu, ena analowera kumtsinje kukapha nsomba. Nthawi yomweyo Edzi inalowa m'komboni. Maliro ankagundana, amasiye ankalandidwa katundu, ana ankagawidwa kwa achibale. Wotsala akadandaula kuti ali ndi maganizo, tinkamuyankha kuti apemphere basi.

Uphungu unabwera ndi mliri womwewo. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi Edzi. Mu 1989 bungwe la Kara Counselling linayamba ntchito ku Lusaka, ndipo m'kupita kwa nthawi makiliniki anakhala ndi kachipinda ka munthu wocheza nawe usanayezetse magazi komanso zotsatira zikatuluka. Ambiri mwa aphunguwa sanali madokotala. Anali anthu a m'makomboni momwemo, ophunzitsidwa kwa milungu yochepa, ena a iwo nawonso akumwa ma ARV.

Mmodzi mwa iwo ndi mayi amene ndimapemphera nawo mpingo umodzi. Amuna awo atamwalira, anansi anasiya kugula vitumbuwa vyawo, ndipo amene ankabwera kudzawaona ankafika ndi malangizo okhaokha. Anandiuza kuti chimene chinawapweteka koposa njala n'chakuti panalibe anawafunsa mmene akugonera usiku. Ndi balalo limene linawalowetsa mu ntchitoyi, ndipo ndi limene limawachititsa kuyamba ndi anthu amene ena amawalambalala: atsikana oimirira pamsewu wa mathiraki opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, asodzi obwera kumtunda mankhwala atawathera kalekale, anyamata amene mowa unawalanda sukulu, mayi amene mwana wake wolumala amabisidwa m'nyumba.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kamasiyana ndi ka alangizi amene tinawazolowera. Mlangizi wa chinamwali kapena wa ukwati amalankhula, iwe n'kumavomera utazyolika. Mayiwa amafunsa funso limodzi n'kudikira, ngakhale chete atatalika. Amalankhula chilankhulo chimene munthuyo amalirira, kaya ndi Chinyanja, Chitonga kapena Chibemba. Asanafike pa za mumtima amayamba afunsa ngati kunyumba kwaphikidwa, chifukwa amadziwa kuti nkhawa ya lendi ndi ya ufa si matenda ongoganizira. Akakumana nawe pamsika sayamba kukupatsa moni, kuopa kuti anthu angafunse kumene munadziwirana. M'komboni mmene khoma la nyumba yako ndi khomanso la mnzako, kusunga chinsinsi ndiye maziko a ntchito yonse. Amadziwanso polekezera: munthu akanena zodzipha kapena akamamva mawu amene ena sakuwamva, amamuperekeza okha kwa achipatala.

Malamulo nawo anatsatira. Mu 2017 Khoti Lalikulu ku Lusaka, pa mlandu wa Gordon Mwewa ndi anzake, linagamula kuti mayina onyoza a m'lamulo lakale lija akutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mental Health Act yatsopano, ndipo chaka chomwecho bungwe la StrongMinds linayamba kusonkhanitsa amayi m'magulu ku Zambia kuti azikambirana za matenda a maganizo. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa mabenchi a pakiliniki, ndipo Friendship Bench yake inasonyeza dziko lonse kuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino angathandize kwenikweni. Lero ku Zambia mwana angaimbe foni pa 116, wamkulu pa 933, kwaulere, kuti alankhule ndi phungu.

Sindikunena kuti tafika. Ana athu amasekabe wodwala misala akamadutsa, ndipo aphungu ambiri a m'makomboni amagwira ntchito mongodzipereka kapena amadalira ndalama za mabungwe akunja, zimene zimatha popanda chenjezo. Ntchito imene inatiphunzitsa kumvetserana siyenera kudalira chifundo cha alendo. Unduna wa Zaumoyo uwalembe ntchito aphunguwa ndi kuwalipira ngati antchito ena onse a pachipatala. Ndipo inu amene muli ndi mnansi amene wasiya kutuluka m'nyumba, pitani mukamufunse mmene akugonera, ndipo mudikire kuti ayankhe.