Mawu akale, ludzu la lero

Mayi ena a m'boma la Dedza adakhala zaka 7 mumzinda wa Johannesburg akugwira ntchito ya m'nyumba. Chomwe adapitira chidali ndalama za feteleza ndi za sukulu ya ana, koma kusungulumwa kudawalowetsa m'mowa. Adayamba ndi botolo limodzi Loweruka, mapeto ake ndalama zotumiza kumudzi zinkatha mwezi usadafike pakati. Atachotsedwa ntchito kachiwiri, mnzawo wina adawaperekeza ku msonkhano wa gulu la Alcoholics Anonymous, lomwe ambiri amangoti AA, kumene anthu ofuna kusiya mowa amakumana n'kumalimbikitsana.

Kumeneko adapatsidwa buku lachikuto chabuluu lomwe mamembala amalitcha Big Book. Chingerezi mayiwa ankachidziwa, pakuti ndicho ankalankhula ndi mabwana awo tsiku ndi tsiku. Koma cha m'bukumo chidali china. Mapemphero ake ankamveka ngati a m'Baibulo la King James la 1611. Zitsanzo zake zidali za amuna a ku America: wogulitsa magalimoto, wowerengera ndalama, wamalonda wa ku New York. Pafupifupi paliponse womwa mowa adali mwamuna. Mutu wa 8 udali wolangiza akazi a amuna oledzera kuti azileza mtima. Mayiwa adaŵerenga mutuwo usiku, akunjenjemera ndi ludzu, n'kudzifunsa kuti, "Nanga ine amene ndikumwa ndekha, akundilankhula ndani?" Nkhani za amayi anzawo adakazipeza kumapeto kwenikweni kwa buku.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya bukulo. Gulu la AA lidayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio, pamene Bill Wilson adakumana ndi dokotala Bob Smith. Bukulo lidatuluka mu 1939, ndipo mutu wake unkanena za amuna oposa 100 amene adachira. Ngakhale mutu wolangiza akazi uja adalemba ndi Bill Wilson yemweyo, osati mkazi wake Lois, amene pambuyo pake, mu 1951, adathandiza kuyambitsa gulu la Al-Anon la achibale a anthu omwa mowa. Bukulo lidasindikizidwanso mu 1955, 1976 ndi 2001. Nkhani za kumapeto zinkasinthidwa, koma masamba 164 oyambirira adasiyidwa pafupifupi momwe adalili.

Mayiwa atadandaula, bambo wina wachikulire wa m'gululo adawayankha kuti mawu omwewo ndiwo adamupulumutsa iye, choncho asakhudzidwe. Mayiwa sadamutsutse. Adakumbukira mayi awo owabereka, amene mpaka imfa yawo adakakamira Buku Lopatulika la 1922, ngakhale Buku Loyera, la Chichewa chosavuta, lidatuluka mu 1998. Munthu sataya msanga mawu amene adamugwira dzanja pa tsiku la tsoka. N'zoona kuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amakomera amene wawamva. Munthu amene wabwera kumsonkhano koyamba, mutu ukuŵaŵa, manyazi atamugwira, alibe nthawi yodikira kuti mawu agonere. Akapanda kumva lero, mawa abwerera ku botolo.

Chidawathandiza mayiwa ndi mayi wina wa m'gululo amene ankakhala nawo pansi n'kumawamasulira ndime iliyonse m'mawu a tsiku ndi tsiku: vomera kuti mowa wakuposa mphamvu, ulula zolakwa zako kwa munthu mmodzi wodalirika, bweza zomwe udawononga, thandiza mnzako, ndipo usalumbire za moyo wonse koma za lero lokha. Atamva motero, adaona kuti mankhwalawo adali abwino, chovuta chidali chikho chomwera. Gulu la AA nalo lidafika pozindikira zimenezi. Mu 2024 lidatulutsa buku la Chingerezi chosavuta lotchedwa Plain Language Big Book, lothandiza kuŵerenga lakale lija popanda kulichotsa.

Atabwerera kumudzi, mayiwa adapeza vuto lomwelo lili ndi nkhope ina: kachasu, ndi ndalama za mbatata ndi soya zomwe zinkatha sabata yomwe zagulitsidwa. Anthu angapo a m'kalabu ya alimi adayamba kutsalira msonkhano ukatha kuti amve momwe iwo adasiyira. Pofotokoza m'Chichewa, mayiwa adaona kuti vuto limodzi latha lokha. Mawu akuti "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi, motero aliyense ankadzimva kuti nkhaniyo ndi yake.

Koma Chichewa nacho chidali ndi msampha wake. Ku AA munthu amatchula dzina lake n'kuvomera poyera kuti ali ndi vuto la mowa. Mayiwa atayesa mawu akuti "chidakwa", bambo wina adanyamuka n'kuchoka. Mawuwa amayenda ndi "ichi" ndi "chimenechi", ngati akunena chinthu osati munthu, ndipo ndi omwe bamboyo ankatukwanidwa nawo pamaso pa ana ake. Mayiwa adamulondola kunyumba kwake, n'kukamupepesa. Kuyambira pamenepo amati "ife amene mowa udatigonjetsa", ndipo amayamba ndi kudzitchula okha. Bamboyo adabweranso patapita milungu itatu.

Phunziro kwa alangizi ndi onse ogwira ntchito m'midzi n'loti buku kapena kapepala kalikonse ka uphungu kali ndi chaka chomwe kadalembedwa ndi anthu omwe kadalembedwera. Musanakaŵerenge pagulu, dzifunseni kuti kakulankhula ndi ndani, ndipo kasiya ndani kunja. Ŵerengani ndime imodzi, kenako pemphani omvera aibwereze m'mawu awoawo. Pomwe akakamira, vuto nthawi zambiri si iwo, ndi mawuwo. Pomwe wina waweramitsa mutu, mwina liwu lina lamulasa.

Buku labuluu lija mayiwa akadali nalo, m'thumba lapulasitiki pamodzi ndi makadi a kusikelo a adzukulu awo. M'mphepete mwa masamba ake adalembamo Chichewa ndi pensulo, ndipo zolembazo ndizo amaŵerenga Lachinayi lililonse kalabu ikaŵeruka.