Matimu a Black Mamba pa pepala limodzi

Mlongo wanga anafika kunyumba Lamlungu m'mawa ndisanamwe n'komwe tiyi. Mkeka anaukana. Anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu mwamuwononga ndinu ndi wailesi yanuyo."

Amanena mnyamata wake woyamba, wa zaka 17, amene ali kalasi 10. Kuno ku Itepela palibe amene sadziwa mwendo wake wamanzere. Matimu a m'midzi akamalimbirana mbuzi, amachita kudzamutenga pa njinga yamoto kuti akawamwetsere zigoli. Tsono kunabwera bambo wina wovala bwino, n'kumuuza kuti akhoza kumupezera malo ku timu ina ya ku Nampula, kenako ku Joni, bola apeze ndalama ya ulendo ndi ya mapepala. Mnyamatayo anafuna kugulitsa matumba atatu a chimanga ndi njinga ya malemu bambo ake, sukulu n'kuisiya mayeso asanafike. Mayi ake atamuletsa, anawayankha kuti, "Amalume amanena okha pa wailesi kuti Kanyenda anachokera kuminda ya nzimbe n'kukafika ku Moscow."

Ndinanenadi zimenezo, ndiponso kangapo.

Wina akhoza kufunsa kuti muulutsi wa ku Mozambique amatamandiranji wosewera wa ku Malawi, ngati kuti kwathu kulibe. Anzanga a msinkhu wanga sangafunse. Nkhondo itavuta, ambiri a ife tinawoloka malire tili ana n'kukakulira tsidya lija la Chiponde. Mpira wa chikulunga tinauphunzira kumeneko, ndipo mpira weniweni tinayamba kuumva pa MBC, titaunjikana pa wailesi imodzi ya mabatire otha. Mtendere utabwera mu 1992 tinabwerera pang'onopang'ono, koma makutu anatsalira. Mpaka lero pamsika wa ku Mandimba mukapeza munthu amene amakonda Costa do Sol kapena Ferroviário de Nampula, mukamufunsa bwino mupeza kuti alinso ndi timu ina mumtima, Bullets kapena Wanderers.

N'chifukwa chake zaka za 2001 mpaka 2003 zinali zokoma kwa ife a m'malire. Ku Johannesburg, timu ya Jomo Cosmos inali ndi Tico-Tico wathu, Manuel Bucuane, amene mpaka pano palibe anamuposa pomwetsera zigoli Mambas, ndipo inalinso ndi mnyamata wa ku Malawi, Esau Kanyenda. Anthu awiri a mbali ziwiri za malire athu, atavala malaya amodzi. Chomwe chinkatiseketsa n'chakuti Mmalawiyo ndiye ankatchedwa Black Mamba, pamene Mambas ndife. Nkhani zawo tinkazimva kwa anthu obwera ku Joni komanso m'nyuzi zakale zomwe zinkawoloka malire zitakulunga sopo ndi usipa.

Mlongo wanga atapita, ndinakhala pansi usiku womwewo ndi pepala ndi cholembera. Ndinkafuna kulemba matimu onse amene Kanyenda anasewerako, mondondoza, kuti ndione ngati ndinanama. Sindinaname. Koma pepalalo litadzaza ndinaona kuti pa wailesi ndinkathera pa mzere wachinayi, pamene mizere inalipo khumi.

Woyamba ndi Dwasco, timu ya kampani ya shuga ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Awa ndiwo "minda ya nzimbe" amene ndinkanena, ndipo apa ndi pomwe ndinasocheretsa mwana. Dwasco sinali timu yolimbirana mbuzi. Inkasewera mu ligi yaikulu ya dziko la Malawi, kukumana ndi Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers. Kanyenda anaonekera pamenepo, pamaso pa anthu, sabata ndi sabata.

Wachiwiri ndi Jomo Cosmos, mu 2001. Mwini wake, Jomo Sono, ankadziwika poyendayenda mu Africa kufuna anyamata aluso, kuwaphunzitsa, kenako n'kuwagulitsa ku Ulaya. Benjani Mwaruwari wa ku Zimbabwe, amene makolo ake ndi ochokera ku Malawi, anadutsa pakhomo lomwelo asanakafike ku Auxerre, Portsmouth ndi Manchester City. Ndi malonda, ndipo palibe chobisa. Timu imagula wosewera, timu ina n'kudzamugulanso pa mtengo wokwera.

Wachitatu ndi Rostov, mu 2003, kum'mwera kwa Russia m'mbali mwa mtsinje wa Don. Nthawi imeneyo ligi ya kumeneko inkayamba mu Malichi n'kutha mu Novembala, kuthawa chisanu, komabe masewero oyambirira ndi omalizira ankaseweredwa kukuzizira koopsa. Ife timadandaula ndi mphepo ya ku Lichinga mu Juni. Taganizirani mnyamata wozolowera kutentha kwa kunyanja, wopanda wolankhula naye chinenero chake, wosatha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha pa sitolo chifukwa zilembo zake n'zina. Anamwetsa zigoli m'menemo, mpaka matimu akuluakulu anayamba kumuyang'ana.

Wachinayi ndi Lokomotiv Moscow, mu 2005. Pamenepa ndi pomwe ndinkakweza mawu pa wailesi. Lokomotiv ndi timu ya anthu a njanji, monga alili ma Ferroviário athu kuno, ndipo inali itangotenga kumene ligi ya Russia mu 2004. Ndinkauza omvera kuti mwana wa ku Dwangwa wakwera sitima yaikulu. Chomwe sindinkanena n'chakuti m'sitimamo malo okhala anali ochepa. Kutsogolo kunali kale anthu ngati Dmitri Sychev, wosewera wa timu ya dziko la Russia. Kanyenda anasewera masewero owerengeka okha, nthawi yambiri anali panja kudikira, mpaka anabwerekedwanso ku Rostov komwe anachokera.

Ndinasiya kulemba kaye pamenepo. Wosewera kumbuyo akhoza kukhala mwezi osatchulidwa dzina koma n'kumaonedwa kuti akugwira ntchito. Wosewera kutsogolo amawerengedwa ndi zigoli basi, ndipo zigoli sizibwera munthu atakhala pa benchi. Akapanda kusewera samwetsa, akapanda kumwetsa samuika. Ine ndimaona kuti chaka chimene ndinkachitamanda kwambiri n'kutheka ndicho chinali chowawa kuposa zonse.

Mizere yotsatira sindinaitchulepo pa wailesi ngakhale kamodzi. KAMAZ, timu ya mumzinda wa Naberezhnye Chelny. Akuluakulu a kuno dzinali amalidziwa bwino, chifukwa ndi la fakitale yomwe inkapanga magalimoto aakulu aja ankanyamula asilikali nthawi ya nkhondo. Ena akalimva amayamba akhala chete. Kenako Rotor Volgograd, kenako Dynamo Bryansk. Onsewa anali a ligi yachiwiri, ya maulendo ataliatali ndi mabwalo opanda anthu ambiri. Kenako B.93, timu yaing'ono ya ku Copenhagen, ku Denmark. Ali m'kati mwa zaka zimenezi ndi pomwe anapita ndi Flames ku Angola mu 2010, komwe Malawi inagonjetsa Algeria 3-0. Tsiku limenelo ndimalikumbukira bwino, tinavina mpaka ife a mbali ino. Koma sindinadzifunsepo kuti mpikisano utatha anabwerera ku timu iti.

Mizere iwiri yomaliza ndi Polokwane City ku South Africa, komwe anakhala zaka zingapo ali kale wamkulu pakati pa anyamata, ndi Be Forward Wanderers ku Blantyre mu 2017, chaka chomwe Manoma anatenga ligi. Munthu wobadwa mu 1982 anali akuthamangabe ndi ana amene anabadwa iye atayamba kale mpira.

Ndikaliyang'ana pepalali, sindiona munthu wolephera, ayi. Ndimamulemekeza kuposa kale. Kufika ku Moscow kunafuna luso ndi mwayi, koma kutsika kuchoka kumeneko, timu ndi timu, dziko ndi dziko, osataya nsapato, kunafuna mtima wina. Komanso pepalali likufanana kwambiri ndi nkhani za agogo athu amene ankapita ku migodi pa theba: kontirakiti ikatha, kufuna ina, kudwala kapena kuthyoka mwendo, ntchito yathera pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kumgodi dzina lake silinkamveka pa wailesi. Ndipo uyu ndi amene zinamuyendera. Anzake amene anayamba nawo ku Dwangwa n'kuthera panjira, palibe muulutsi amene ali ndi pepala lawo.

Lachitatu madzulo ndinamuitana mnyamata uja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamupatsa pepala kuti awerenge yekha mokweza. Mayina a ku Russia anamuvuta, tinaseka. Atafika pa Bryansk anafunsa kuti, "Amalume, imeneyi ndi timu yaikulu?" Ndinati iyayi. Anafunsanso za B.93. Ndinati nayonso iyayi.

Kenako ndinamufunsa kuti pa mizere khumiyi, ndi pati pamene akuona kuti wosewera amagulitsa chimanga cha amayi ake kuti alipire timu. Anakhala chete. Ndinamufotokozera kuti pa mpira wa malipiro ndalama imachoka ku timu kupita kwa wosewera ndi ku timu yake yakale. Timu ikakufunadi, imatumiza kalata ndi munthu wodziwika, ndipo imalankhula ndi makolo. Ndinamuuzanso kuti malamulo a FIFA salola kusamutsira kunja kwa dziko mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, ndiye za ku Joni zomwe analonjezedwazo sizikanatheka chaka chino ngakhale akanagulitsa nkhokwe yonse.

"Ndiye mukuti ndisiye mpira?"

Ndinati sindinatero. Ndinaonapo anyamata ambiri pa mabwalo a ku Ngauma ndi Mandimba, ndipo mwendo wake wamanzere uja si wamba. Kumunamiza kuti alibe luso kukanakhala bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba. Vuto lathu kuno n'lakuti tilibe Dwasco yathu. Palibe timu ya ligi yaikulu pafupi yoti mwana aonekere akugonabe kwawo, n'chifukwa chake munthu aliyense wovala jekete akabwera ndi lonjezo timamumvera. Ndinamulonjeza kuti akalemba mayeso a kalasi 10, ndidzamuperekeza ndekha ku Lichinga kapena ku Cuamba, pa ndalama yanga, tikaonane ndi aphunzitsi a matimu a kumeneko maso ndi maso. Akamukana, amukane ine ndili pomwepo.

Sanavomere, sanakanenso. Anapinda pepala lija n'kuliika m'thumba la malaya. Bambo wa jekete uja anaimbanso foni kawiri sabata yomweyo. Ulendo wachiwiri foniyo anandipatsa ine, ndipo nditafunsa dzina la mphunzitsi wa timuyo ndi nambala ya ofesi yawo, inaduka.

Loweruka lotsatira, pa pologalamu ya masewero, ndinawerenga matimu onse khumi kuyambira Dwasco mpaka Wanderers, osadumpha ngakhale imodzi. Womvera wina wa ku Massangulo anaimba n'kundiuza kuti ndawononga nkhani yabwino. Mlongo wanga sanaimbe. Lolemba m'mawa ndikupita kuntchito ndinaona njinga ya malemu alamu anga ili pa khonde pomwe imakhala, ndipo mnyamatayo anali atapita kale kusukulu, nsapato za mpira atazimangirira pa chikwama.